Mzamba Amene Anafufutidwa M'kaundula

M'mudzi mwathu mwa Huai Sompoi, ukafunsa munthu wamkulu aliyense kuti anamudula mchombo ndani, yankho ndi limodzi: Mayi Kham Lu. Wanganso anadula ndi iwo, ndi kampeni ka nsungwi, mayi anga akukuwa m'Chilahu pomwe mzambayo ankawakalipira m'Chishani. Ine ndine Napu. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale ya m'mudzimu, ndipo zimene ndifotokozezi zinatigwera limodzi, iwo ndi ine.

Mayi Kham Lu ndi Mshani, wamfupi, wamikono yolimba ngati ya wosenza matumba. Kulemba sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Koma mudzi wathu uli ndi mitundu isanu: Ashani pafupi ndi kachisi, ife Alahu kumtunda kwa tchalitchi, Aakha kuseri kwa chitunda, Matchaina a minda ya malalanje ndi Athai a kumsika. Iwo ankatha kunena kuti "kankha!" m'zilankhulo zonse zisanuzo, komanso kuthamangitsa mwamuna wamantha woima pakhomo.

"Choka apo iwe," ankatero. "Ntchito yako unamaliza miyezi isanu ndi inayi yapitayo, ndipo ndamva kuti sinatenge nthawi."

Boma linachedwa kutipeza kuno. Makolo athu ankalima mpunga mbali zonse ziwiri za phiri, osadziwa kuti munda uwu uli ku Thailand, uwo uli ku Burma. Tsiku limene alembi anabwera koyamba kudzawerenga anthu, theka la mudzi linali kumunda. Kham Lu, yemwe anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anali kuingitsa mbalame ndi agogo ake. Amene analembedwa anali mng'ono wake yekha, Kham Ing, chifukwa anali kumsana kwa mayi awo pakhomo. Chitupa chawo cha unzika Mayi Kham Lu anadzachipeza atakula kale, pamene nyakwawa ya nthawi imeneyo inawachitira umboni kuti ndi mwana wa m'mudzi muno.

Kenako kunabwera lamulo loti munthu wopanda kalata yobadwira angathe kubweretsa mboni, nzika imene inaona kubadwa kwake. Mboni yoposa mzamba ikanachokera kuti? Kwa zaka zingapo Mayi Kham Lu ankakwera kumbuyo kwa lole Lachiwiri lililonse kupita ku boma, gulu la anthu lili pambuyo pawo. Masiku a pakalendala sankawadziwa, koma ankakumbukira zonse. "Uyu anabadwa chaka chimene mtsinje unakokolola mlatho, adyo atangokololedwa. Anatulukira matako." Mlembi ankaseka n'kulemba, iwo n'kudinda chala. Chala chawo chachikulu chinkakhala chofiirira ndi inki sabata yathunthu. Ndi chidindo chimenecho ine ndinapeza chitupa, ndinapita ku koleji, ndinalembedwa ntchito ya boma.

Zinachitika Lolemba m'mawa, mwezi wa February. Ndinali nditangomaliza kuimbitsa ana nyimbo ya fuko, mbendera itakwera, pamene galimoto ya ku boma inaima pachipata. Anthu awiri anamata mapepala asanu pakhoma la ofesi n'kumapita osalonjera munthu. Posakhalitsa chimkuzamawu cha pamtengo pakati pa mudzi chinalengeza kuti aliyense apite kusukulu akaone ngati dzina lake lilipo.

Ndinapita kukawerengera amene sadziwa Chithai. Ndinkaganiza kuti ndi mayina a olandira mbewu. Pamwamba panalembedwa kuti anthu otsatirawa achotsedwa m'kaundula wa nzika, ndipo abweze zitupa zawo pasanathe masiku makumi atatu. Mayina anali 214. Loyamba linali la Mayi Kham Lu. La nambala 37 linali langa. La mwamuna wanga, Jakha, linali papepala lachitatu.

Ndinawerenga mzere wangawo kanayi. Dzina ndi langa, la bambo ndi lomwelo, nambala ya nyumba ndi yathu. Anthu kumbuyo kwanga ankandikoka bulauzi. "Aphunzitsi, tiwerengereni! Akuti chiyani?"

Amene anandichotsa pamenepo ndi ahedi athu, a Boonlert, bambo wofatsa yemwe ndinagwira naye ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Anandilowetsa mu ofesi, n'kutseka chitseko.

"Aphunzitsi, pepani kwambiri. Kalata yandipeza inenso. Mundisiyire makiyi a kabati."

"Makiyi? Ana akundidikira m'kalasi."

"Lamulo silola mlendo kuphunzitsa pa sukulu ya boma."

"Mlendo wake ndani, ahedi? Si ine ndaimbitsa nyimbo ya fuko pompano?"

Ndinawasiyira makiyiwo patebulo. Ndinatuluka choko chili m'manja, ndipo ndinazindikira kuti ndikadachigwira nditafika kale pakati pa msewu.

Pofika masana, aliyense anali ataona chimene chinkatimanga pamodzi: tonse 213 mboni yathu inali imodzi. Khamu linatsikira kunyumba kwa Mayi Kham Lu. Tinawapeza akuyanika timikate ta soya padzuwa, asanamve kalikonse, poti makutu awo sankagwira bwino chimkuzamawu. Ataona anthu anapukuta manja n'kufunsa kuti, "Ndani akudwala?"

Mida, mayi wa Chiakha yemwe mwana wake anali msilikali, ndiye anayamba. "Mwatipha, Amayi! Munatani ku bomako?"

"Ndatani ine?"

Onse anayang'ana ine, wowerenga. Ndinawauza. Sindinawauze mwaulemu, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Ndinakuwa pamaso pa mayi amene anandilandira padziko. "Akuti si inu nzika! Akuti ndinu wa ku Burma! Mumadziwa, ndiye n'kumatidindira zala zabodza?"

Anakhala pansi pamtondo pang'onopang'ono. "Napu, mwanawe, ine wa ku Burma? Mchombo wanga anaukwirira pansi pa makwerero a nyumba iyo. Pita ukafukule."

M'mawa mwake ndinawaperekeza ku boma, osati chifukwa cha chifundo, koma ndinkafuna kumva ndi makutu anga. Mlembi wachinyamata anatembenuza kompyuta kuti tione. Anati mafaelo akale onse analowetsedwa m'makina, ndipo makinawo anapeza chala chimodzi pa zitupa ziwiri. Pagalasipo panali chitupa cha pinki, chimene amapatsa othawa nkhondo ochokera ku Burma. Pachithunzi panali mayi wa zaka ngati makumi atatu, tsitsi lili nyankhalala, atanyamula kabolodi ka nambala pachifuwa.

Mayi Kham Lu anasendeza nkhope pafupi. "Koma ndinali wokongola," anatero. Kenako anagwira pakamwa. "Mayo! Ndi tsiku la bulangete lija!"

Nkhani yake inali iyi. Chaka chimene nkhondo inakula kuseri kwa phiri, bambo wina wa kumeneko anabwera ndi hatchi kudzawatenga chifukwa mkazi wake anali atavutika masiku awiri. Anapita. Mwana atangobadwa, mfuti zinayamba, mudzi wonse n'kuthawira kuno, iwo atanyamula khandalo m'nsalu. Pamtsinje asilikali anaika aliyense pamzere. Iwo anayesa kuloza denga la nyumba yawo, koma Chithai chawo chinali chopereweza, ndipo msilikali anati aliyense wojambulidwa alandira bulangete ndi mpunga. Kunkazizira. Anajambulidwa. Bulangetelo anafunditsa mayi wa khanda uja, kachitupako anakasomeka kudenga, chiswe n'kudya.

Ndinamasulira zonsezi m'Chithai. Mlembi anamvetsera mwaulemu, koma anapukusa mutu.

"Agogo, munthu sangakhale wothawa kwawo n'kukhalanso nzika. Chitupa cha pinki ndicho chinayamba."

"Nyakwawa inandichitira umboni."

"Ili kuti?"

"Inamwalira kalekale."

"Ndiye mwaona. Ndipo umboni wa mlendo si umboni. Onse amene munawadindira abwerera pamene anali."

"Ndiye kuti ana onsewa sanabadwe? Uyu waima apayu ndinamukoka ndi manja awa!"

"Kubadwa anabadwa, agogo. Kungoti boma silikudziwa kumene anabadwira."

Tinabwerera pa lole. Ine mkwiyo unali utatha, m'malo mwake munalowa mantha. Bulangete limodzi lokha.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mwana wa Mida anamuvula yunifolomu n'kumubweza ndi chikwama chake. Atsikana awiri amene anali ku koleji ya unamwino anabwerera. Jakha ankayendetsa galimoto ya malalanje kupita ku mzinda wa Chiang Mai. Pa rodibuloko apolisi anamutsitsa n'kumuuza kuti munthu wopanda chitupa saloledwa kutuluka m'boma lathu popanda kalata. Makadi athu a kuchipatala anasiya kugwira. Ine ndinayamba kupalira m'munda wa malalanje wa Mtchaina wina amene mwana wake ndinamuphunzitsa kuwerenga. Mudzi unagawika pawiri: a zitupa ndi opanda zitupa. Mabanja ena anathetsa zibwenzi za ana awo. Kumsika, amayi amene kale tinkaseka nawo ankatsitsa mawu tikamadutsa, ndipo wina anandifunsa mosachita manyazi kuti, "Kodi mubwerera liti kwanu?"

Mayi Kham Lu anthu anasiya kuwalonjera. Timikate tawo ta soya sitinkagulidwa. Kukachisi ankakhala okha kumbuyo, mphasa za m'mbali mwawo zili zopanda anthu.

Koma mimba sizidikira boma. Kwa zaka zambiri amayi anali atazolowera kuchirira kuchipatala, ndipo mzamba anali atatsala pang'ono kupuma. Tsopano ambiri ankaopa kupita kumeneko, kuopa kuti mwana akalembedwa kuti ndi wa mlendo, banga limenelo silidzachoka. Anthu omwe ankawatukwana aja anayamba kugogoda pakhomo pawo, kudzera kuseri kwa nkhokwe. Iwo sanakanepo aliyense.

Inenso nthawi yanga yochira inandikwana. Unali mwezi wa August, masana dzuwa lili paliwombo koma mvula ikukhuthuka, msewu utasanduka phala. Jakha anathamanga kukawatenga. Ndinali ndisanalankhule nawo chaka ndi theka. Analowa atanyowa, anasamba m'manja, n'kundigwira pamimba ngati tinasiyana dzulo.

"Wagona bwino ameneyu. Si ngati iwe, unavuta ngati mbuzi yokana khola."

"Amayi, ndinakulakwirani."

"Zimenezo uneneko mawa. Pano kankha."

Mwana wamkazi anabadwa mvula isanakate. Atamusambitsa n'kumuika pachifuwa panga, Jakha anawatsatira pakhonde. Ndinamva zonse kudzera m'khoma la nsungwi.

"Amayi, zikomo. Koma tikamakalembetsa mwanayu, tinena kuti anabadwa tili awiri. Dzina lanu lisamveke."

Kenako ndinamva mawu awo, otsika. "Usadandaule, mwanawe. Ndiwe wachisanu ndi chinayi kundiuza zimenezo."

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pobereka.

Chaka chomwecho kunabwera loya wina wamkazi, dzina lake Atchara, wotumidwa ndi bungwe lothandiza anthu opanda zitupa. Anasonkhanitsa mayina athu kuti akasume ku khoti. Za Mayi Kham Lu anati njira yachidule ilipo: kuyeza magazi. Ngati ali ndi m'bale wa bere limodzi amene ali m'kaundula woyamba uja, magazi akagwirizana, nkhani yatha, ndipo umboni wawo pa ife tonse udzukanso.

"Alipo!" anatero Mayi Kham Lu, nkhope ikuwala koyamba m'miyezi yambiri. "Kham Ing. Ndinamulera ndine mayi atamwalira."

Kham Ing anachoka m'mudzi ali mtsikana, anakwatiwa ndi Mthai wa ku Chiang Mai, n'kusintha dzina kukhala Wilaiwan. Mwana wake wamwamuna anali wapolisi waudindo. Loya ataimbira foni Wilaiwan, iye anavomera kukumana, koma osati m'mudzi. Anasankha kanyumba kodyera pafupi ndi depoti ya mabasi ku boma. Ine ndinapita nawo. Mayi Kham Lu anavala nsalu yawo ya kukachisi, atanyamula kathumba ka timikate ta soya ndi tiyi wouma.

Mayi wina wonenepa, wa tsitsi lopaka utoto ndi magalasi akuda, anatsika m'galimoto yoyera. Anakhala moyang'anizana nafe, n'kulonjera m'Chithai. Mayi Kham Lu anamuyankha m'Chishani, akumugwira dzanja. Wilaiwan anatembenukira kwa ine.

"Mundimasulire. Chilankhulo chimenecho ndinaiwala."

Kumasulira pakati pa ana a mayi mmodzi! Koma ndinatero. Loya anafotokoza kuti n'kadontho chabe ka magazi, tsiku limodzi lokha.

"Ndipo magaziwo akagwirizana?" anafunsa Wilaiwan.

"Achemwali anu abwezeredwa unzika."

"Kapena anena kuti poti mkulu wanga ndi wa ku Burma, inenso ndine wa ku Burma. Mungalumbire kuti sangatero? Anthu mazana awiri awafufuta tsiku limodzi. Kuwonjezera ine ndi ana anga atatu kungawavute chiyani?"

Loya anati malamulo sali choncho. Wilaiwan anaseka kuseka kowawa. "Malamulo omwewo si amene anawapatsa chitupa awa? Apongozi anga sadziwa n'komwe kuti ndine Mshani. Mwana wanga akuyembekezera kukwezedwa."

Ndinamasulira mawu onse, osasiya ngakhale amodzi. Mayi Kham Lu anamvetsera, maso ali pa mng'ono wawo, osaphethira.

"Ing, unkayamwa chala changa ichi usiku ukalira njala. Lero ukundilankhula kudzera mwa mwana wa eni?"

Ndisanatsegule pakamwa kuti ndimasulire, Wilaiwan anaimirira. Anawerama pafupi ndi khutu la mkulu wake, n'kunena m'Chishani chosalala, cha m'mudzi mwathu mwenimweni: "Achemwali, ndikhululukireni. Musandiphere ana."

Anatuluka mofulumira. Kathumba kaja kanatsala patebulo. Loya Atchara, amene ndinkamuona ngati munthu wosagwedezeka, anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja.

"Musiyeni," anatero Mayi Kham Lu. "Akuteteza ake. Tiyeni tidye, talipira kale basi."

Choncho tinatsala ndi khoti. Mlandu unatenga zaka zitatu ndi theka. Tsiku limene Mayi Kham Lu anaitanidwa kukapereka umboni, tinachita kuwatengera kalata yapadera yowalola kutuluka m'boma. Woweruza anawafunsa kudzera mwa womasulira kuti anabadwira mbali iti ya malire.

"Bwana, mwala wa malire anadzauzika ine nditamera kale mano achiwiri. Ndinaona ndi maso asilikali akuunyamula pamtengo, anthu anayi. Bambo anga anawapatsa madzi akumwa. Ine sindinasamukepo. Mufunse mwalawo kuti unachokera kuti."

Ena m'khotimo anaseka, woweruza sanaseke, koma analemba nthawi yaitali.

Chigamulo chinafika tikukolola mpunga. Khoti linati boma linalakwa kufufuta anthu osawamva kaye mbali yawo, ndipo mayina abwezeredwe. M'mudzi munali chisangalalo chimene sindinachionepo. Aakha anaimba ng'oma za nsungwi, kutchalitchi kwathu belu linalira mpaka chingwe chinaduka, Mtchaina uja anapha nkhumba ziwiri. Mida anapita kwa Mayi Kham Lu n'kugwada pafumbi, kupepesa.

Patatha milungu itatu galimoto ya ku boma inabweranso, n'kumata mapepala pakhoma lomwe lija. Ndinathamanga kukawerenga, mwana ali kumsana. Langa linalipo. La Jakha linalipo. Ndinayamba pamwamba kufuna la Mayi Kham Lu, kutsika mpaka pansi, kubwereranso. Ndinawerenga mayina onse limodzilimodzi. Anali 213.

Ndinaimbira loya pomwepo. Anati wangomva kumene nayenso. Ife tinafufutidwa chifukwa cha munthu wina, ndiye chigamulo chinatikwanira. Koma iwo nkhani yawo anaipatula, poti chitupa cha pinki chili ndi nkhope yawo ndi chala chawo. Ayenera kuyambiranso kupempha, ndi umboni watsopano.

"Ndiye mukutanthauza kuti umboni wawo pa ife ndi woona, koma eni akewo ndi abodza?"

"Pamapepala ndi mmene zilili, Napu."

Anthu a m'mudzi ananditumanso ine kukawauza Mayi Kham Lu. Ndinawapeza akusenda adyo pakhonde. Ndinakhala pansi. Iwo anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Langa palibe eti?"

"Palibe, Amayi."

"A enawo onse alipo? Mwana wa Mida? Atsikana a unamwino aja?"

"Onse."

Mpeni unaima kanthawi. Kenako anapitiriza kusenda. "Chabwino. Nyamula dengu ilo undithandize, usangokhala ngati mlendo."

Ndinabwerera m'kalasi teremu yotsatira. Mayi Kham Lu anapemphanso kawiri. Koyamba faelo inasowa, kachiwiri anauzidwa kuti abweretse mboni imene inaona iwo akubadwa. Anthu oterowo onse ali kumanda. Pamapeto pake anawapatsa chitupa choyera chimene nambala yake imayamba ndi ziro, cha anthu amene boma limavomera kuti alipo koma silinena kuti ndi a dziko liti. Wilaiwan sanaimbenso.

Pano ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Chaka chatha ng'ala inawaphimba maso onse awiri, ndipo dokotala anati opaleshoni yake ndi ya ku Chiang Mai. Ndinawalembera kalata yopempha chilolezo chotuluka m'boma. Tinadikira milungu isanu, kenako boma linawapatsa masiku asanu ndi awiri. Anthu a m'mudzi anadzaza magalimoto atatu kuwaperekeza, ngakhale chipatala chimalola wodikirira mmodzi yekha. Pa rodibuloko wapolisi anatenga kalatayo, anaiwerenga, n'kusuzumira m'galimoto kuona gogo womangidwa mpango kumutu.

"Agogo, Lachinayi likudzali mukhale mutabwerera. Mukapitirira, tidzakumangani."

"Ndidzabwera, mwana wanga," anatero. "Ndipo ulendo umenewo ndidzakhala ndikuona. Udzamete ndevu."

Tinabwerera Lachitatu madzulo, kutatsala tsiku limodzi.